Ndime Yanjala ya M'mbali mwa Msewu

1. Chimanga chachikasu

"Kodi sukulu yonse ija munkaphunzira kupha chimanga ndi njala?"

Bambo anafunsa ali chiimire m'mphepete mwa munda, manja ali kumbuyo. Sanayang'ane munthu. Mayi anapitiriza kuzula udzu m'mizere. Mwana wawo wamkazi anapitiriza kuyeza phesi ndi tepi. Funsolo linayandama ngati fumbi la galimoto, kenako linatera lokha.

Mtsikanayu anthu ankamutcha Nagauni, chifukwa cha chithunzi chimene chinali pakhoma la pabalaza. Pachithunzipo anali atavala gauni ndi chipewa cha makona anayi, tsiku limene anamaliza maphunziro a zaulimi. Chithunzicho chinayamba kufwifwa ntchito isanapezeke.

Chaka chino ndi pamene panaoneka kampata. Malo ena ofufuza za mbewu anamutenga kwa nyengo imodzi ya mvula kuti ayang'anire munda woyeserera. Anamuuza kuti kuli mpando umodzi wa ntchito yokhazikika, ndipo amene adzabweretse zotsatira zomveka ndiye adzaganiziridwe. Munda unafunika wa mlimi weniweni, ndipo bambo ake anapereka wawo ndi manja awiri. Panthawiyo anali asanadziwe kuti kuyesa n'kutani.

Chimene ankayesa chinali ichi. Feteleza wobereketsa, yuleya, ali ndi khalidwe loipa. Ukamuthira kukutentha, mvula n'kuchedwa, chakudya chake chotchedwa nayitrojeni chimathawira m'mwamba ngati fungo, chimanga n'kumangodya zotsala. Kampani ina inabwera ndi mankhwala abuluu opaka pa yuleyayo, akuti amagwira chakudyacho kuti chisathawe. Ntchito ya Nagauni inali yoona ngati n'zoona.

Choncho munda unagawidwa ndi zingwe ndi zikhomo. Ndime zitatu zinalandira yuleya wamba, woyera. Zitatu zinalandira wopaka, wabuluu. Zitatu zotsala sizinayenera kulandira kalikonse, ndipo pa zikwangwani zake panalembedwa kuti "Yosathira". Bambo ankazitcha ndime zanjala.

Imodzi mwa ndime zanjalazo inagwera m'mbali mwenimweni mwa msewu, moyang'anizana ndi mtengo umene wokonza njinga ankagwirirapo ntchito.

2. Maere a m'chipewa

Palibe amene anachita kusankha. Tsiku lokhoma zikhomo kunabwera a Dokotala, mkulu wa kafukufukuyo, mayi wa imvi wovala majombo aakulu kuposa mapazi ake. Anali dokotala wa nthaka, osati wa anthu, zomwe mayi a Nagauni anazimva mokhumudwa chifukwa anali atakonzeka kuwauza za msana.

A Dokotala anang'amba timapepala, n'kutiika m'chipewa cha bambo, ndipo bambo omwewo ndi amene ankatola. Anaseka kwambiri tsikulo, nati chibadwire sanaonepo munda wolimidwa ndi maere. Kapepala koika ndime yanjala pamsewu katatuluka, bambo anapempha kuti abwereze. A Dokotala anakana, n'kutembenukira kwa Nagauni.

"Mwanangu, umvetsere, chifukwa sindikonda kubwereza. Ndime zobiriwira aliyense amazikonda, koma sizinena zambiri. Yonena zoona ndi yosathirayi. Ndiyo imatiuza chimene nthaka ikupereka payokha. Ukachotsa chimenecho pa zokolola za ndime zinazo, ndi pamene udziwa kuti feteleza amene walowa m'chisononkho ndi wochuluka bwanji, ndipo amene wathawa ndi wochuluka bwanji. Popanda iyo, tonse tikungolota masana. Idzachita chikasu, idzakumvetsa chisoni, anthu adzakunena. Uisiye. Ntchito imeneyi ndaigwira mpaka tsitsi ili, ndipo minda yambiri imene ndataya sinaonongedwe ndi mbozi kapena ng'amba. Inaonongedwa ndi anthu achifundo."

Atakwera kale galimoto anatsitsa galasi n'kuonjezera kuti chikwangwani sichisuntha. Chikasuntha, mlimi wina wakutali, amene sadzamuona n'komwe, adzagulitsa chimene ali nacho kuti agule chinthu chimene sichinayesedwe.

Mvula inagwa bwino. Ndime zothira zinabiriwira mpaka kuda. Zosathira zinafika m'mawondo n'kuima pomwepo, masamba opyapyala, achikasu ngati chikopa cha nthochi yakupsa.

Pansi pa mtengo wa njinga sipankasowa anthu. Wina ankabwera ndi tayala lophwa, atatu ankabwera ndi pakamwa pokha. Tsiku lina wokonza njinga anafuula ali chigwirire sipanala.

"Achimwene, simunatiuze kuti chaka chino mwadzala anyezi."

Wina anati chimangacho chikusala kudya, achisiye chipemphere. Wina anati ubwino wotumiza mwana kusukulu ndi umenewu, munda umaphunzira kudikira ntchito. Mawu omalizawa Nagauni anawamva, ndipo anangowerama n'kumawerenga masamba.

Bambo anali munthu amene kale anthu ankatsika panjinga kuti aone munda wawo. Tsopano anayamba kudzera njira ya kuseri popita kugolosale, yodutsa kudzala, ngakhale inali yotalika.

3. Kachivindikiro ka botolo

Kenako Nagauni anaitanidwa kumalo ofufuzira kuja kuti akaumitse ndi kupera masamba amene anathyola m'ndime zonse. Anakhalako pafupifupi mwezi. Chipinda chake chogwirira ntchito chinali ndi windo limodzi losatseguka, uvuni wong'ung'udza tsiku lonse, ndi kasikelo kotsekeredwa m'galasi kamene kankasokonezeka munthu akangopuma pafupi. Anzake awiri ofuna mpando womwewo ankamupatsa moni wokoma ndi kumufunsa za munda wake kawirikawiri, ngati anthu ofunsa za wodwala amene ali ndi katundu wambiri.

Anabwerera kwawo kutatsala pang'ono kuti lifike tsiku lachionetsero, limene alimi, akuluakulu a kampani ndi a Dokotala anayenera kudzaona mundawo. Anatsika basi pamsewu ndi chikwama chake, n'kupitirira munda wa kwawo osauzindikira. Anabwerera chifukwa cha chikwangwani.

Chikwangwanicho chinkanenabe kuti "Yosathira". Kumbuyo kwake kunali chimanga chobiriwira bii, chonenepa mapesi, chitatsala pang'ono kupeza chinzake msinkhu. Analowa m'mizere. Ndime yachiwiri yanjala inali chimodzimodzi. Yachitatunso.

Sanapite m'nyumba. Anapita m'kachipinda kosungiramo makasu. Matumba awiri a feteleza wotsalira, woyera ndi wabuluu, amene anawasiya omanga kukamwa, anali opanda kanthu, atapindidwa bwinobwino pansi pa mpope wopopera mbewu. Pawindo panali kachivindikiro ka botolo, m'kati mwake muli buluu.

Anakawapeza bambo ake pakhonde akunola chikwanje. Anawapatsa moni, iwo anayankha, nafunsa za ulendo. Nagauni atafunsa chimene ndime zosathira zadya, bambo anati mvula yagwa bwino chaka chino. Nagauni anaika kachivindikiro kaja pampando. Bambo anakayang'ana, n'kugoneka chikwanje pansi.

"Khala apa. Iwe unapita kusukulu, ine ndinatsala pano, ndiye ndikuuze za pano. Munda wa pamsewu ndi nkhope ya mwini wake. Munthu akafuna kudziwa ngati pakhomo pali munthu, salowa m'nyumba, amayang'ana chimanga. Nonsenu ndakulerani ndi munda umenewu, ndipo gauni yako ija inatuluka m'mizere yomweyi. Lero ana amene ndinawaona akukwawa akundifunsa ngati ndadwala. Dokotala wakoyo akabwera amalankhula, n'kukwera galimoto, n'kumapita. Ine ndimatsala. Tsiku limene ndidzagwe, odzandinyamula ndi omwe amakhala pansi pa mtengowo. Usamasewere ndi dzina la munthu wamkulu, mwanangu. Likagwa silitoleka ngati chipewa."

Nagauni anafunsa chifukwa chake sanathire ya pamsewu yokhayo, n'kusiya ziwiri zobisika zija. Zikanatero, kanthu kakanapulumuka.

"Ungapatse mwana mmodzi chakudya, awiri akuyang'ana?"

Anaonjezeranso, monyadira pang'ono, kuti woyera ndi wabuluu anachita kusakaniza m'beseni kuti pasakhale tsankho.

Mwanayo anafotokoza motsitsa mawu kuti popanda ndime zanjala, masamba onse amene wakhala akupera, mizere yonse imene wayeza, sizinenanso kanthu. Anati ntchito ya chaka chonse yafa.

"Chafa n'chiyani?" bambo anafunsa. "Chimanga chonse chili moyo."

Nagauni anatola chikwama chake n'kulowa m'nyumba. Anadutsa pansi pa chithunzi chija osakweza maso.

4. A Matisheti

M'mawa wa tsiku lotsatira kunafika galimoto ya kampani itanyamula tenti ndi mipando ya pulasitiki, poti chionetsero chinali mawa lake. Woyendetsa anali mnyamata wonenepa masaya, wogulitsa mankhwala abuluu aja. Anthu ankamutcha a Matisheti chifukwa sankapereka moni wopanda tisheti kapena kapusi.

Anazungulira munda, anaima pandime ya pamsewu, n'kuliza kamluzu. Sanakwiye. Anati zimenezi waziona m'minda yambiri, pena ndi agogo, pena ndi apongozi, ndipo munda wina anathira ndi abusa. Chimene chinkamuvutitsa chinali china. Ndi maso, ndime za woyera ndi za wabuluu zinkaoneka zofanana. Mwina sikelo idzasiyanitsa pokolola, mwina ayi. Koma alimi sabwera ndi sikelo pachionetsero. Amafuna chikasu apa, kubiriwira apo.

Anatsetsereka mpaka kumunsi kwa munda, kunja kwa zingwe, kumene madzi ankadikha mvula ikagwa. Kumeneko chimanga chinali chachifupi, chachikasu, chomvetsa chisoni monga momwe ankafunira. Anabwerera akumwetulira. Anazula zikwangwani zitatu za "Yosathira", n'kukazikhoma kumunsiko ndi mwala. Pandime zitatu zija anaikapo zikwangwani zatsopano zabuluu zochokera m'galimoto, zolembedwa dzina la mankhwala a kampani.

Nagauni anaima pomwepo, tepi ili m'manja.

"Sitikunama, mlongo," a Matisheti anatero akupukuta thukuta. "Chosathira chimaoneka chonchi kulikonse. Tikungothandiza maso a anthu. Pokolola mudzayeze cha kumunsiko, nkhani yatha."

Anati a Dokotala ali ndi minda yambirimbiri, sangakumbukire maere a m'chipewa chimodzi, ndiponso mawondo awo salola zoyendayenda. Adzafikira m'tenti, adzalankhula, adzamwa madzi. Anatinso mpando wa kumalo ofufuzira ukakanika, kukampani kwawo kukufunika munthu woganiza msanga, ndipo ntchitoyo ili ndi njinga yamoto. Ponena za njingayo anayang'ana kumene kunali mayi.

Bambo anapatsidwa kapusi yabuluu. Anaivala. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri anaima pamsewu moongoka.

Wokonza njinga anawoloka msewu akupukuta manja ndi sanza. Lero sanabwere kudzaseka. Anawerenga chikwangwani chabuluu pang'onopang'ono, n'kugwira tsamba la chimanga ngati nsalu ya m'sitolo.

"Achimwene, zala zanu zabuluu zija tinaziona, tinangokhala chete. Ndiye mankhwala ake ndi amenewa? Ine ndaona ndi maso angawa anyezi akusanduka chimanga. Chaka chamawa kambuzi kanga kaja kapita, ndigula amenewa."

A Matisheti anamuponyera tisheti. Bambo anayang'ana zala zawo. M'beseni muja munali woyera ndi wabuluu, ndipo palibe amene akanadziwa kuti wagwira ntchito ndi uti. Chimanga chanjala chimabiriwira ndi feteleza aliyense.

5. Mawu a mayi

Tenti itaima, a Matisheti anapita kukatenga zakumwa ndi zokuzira mawu, nati afika mawa m'mamawa. Mayi anamuitanira Nagauni kuchipinda, kumene ankapinda zovala pabedi. Anatseka chitseko ndi phazi.

"Ndakuona nkhope. Nkhope imeneyo unabadwa nayo, ndipo siinakupindulirepo. Tamvera. Chilungamo n'chabwino, ine sindikana, koma sopo amene ukusambira ndimagula ndine. Anzako amene unavala nawo gauni ena ali m'maofesi, ena ali ndi ana, iwe ukugonabe pabedi limene unkagona uli kupulaimale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wasuntha chikwangwani si iwe, wasuntha ndi mwini katundu. Iwe ungokhala chete, kukhala chete si bodza. Ndipo uganizire bambo akowa. Anasekedwa chifukwa cha chikasu. Ukakanena pagulu kuti anaba feteleza wa mwana wawo, adzasekedwanso chifukwa cha kubiriwira. Munthu mmodzi sasekedwa kawiri m'munda umodzi n'kukhalabe munthu."

Nagauni anathandiza kupinda shiti. Anagwira makona awiri, mayi makona awiri, anakumana pakati. Anangofunsa ngati mbuzi ya wokonza njinga ili imodzi yomwe ija.

Mayi anati za mbuzi za eni sizikumukhudza.

Nagauni anatuluka n'kukakhala m'tenti, pa mpando umodzi mwa mipando yambiri yopanda anthu. Anatulutsa foni, anapeza nambala ya a Dokotala, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Dzuwa linali litapendeka, koma m'tentimo munkatenthabe ndi kununkha pulasitiki.

Patapita nthawi anatsetserekera kumunsi kwa munda.

6. Mwala

Kumeneko anapeza bambo. Anali ataima pamaso pa zikwangwani zitatu zija, kapusi ili m'manja, nsapato zitamira m'matope. Chimanga cha pamenepo chinali chawo, chodzala okha, chothira okha, chogonja ndi madzi chaka ndi chaka.

"Apa ndinathirapo," anatero osacheuka. "Kawiri konse. Chikwangwanichi chikundinamizira."

Anaonjezera kuti si pano pamene anatola maere.

Nagauni analowa m'matopemo. Anagwedeza chikwangwani choyamba uku ndi uku mpaka chinazuka. Anazula chachiwiri ndi chachitatu. Anazipanira m'khwapa, anatola mwala umene a Matisheti anasiya, n'kuyamba kukwera m'mizere. Masamba ankamucheka m'mikono. Kumbuyo ankamva nsapato za bambo zikuphwanya zibuma.

Anayamba ndi ndime ziwiri zobisika. Pa iliyonse anazula chabuluu, n'kuchigoneka pansi chafufumimba, n'kukhoma chakale m'dzenje lake lomwe. Ya pamsewu anaisiya komaliza.

Pansi pa mtengo panali anthu monga mwa masiku onse. Phokoso la mwala linawachititsa kutembenuka. Wokonza njinga, atavala kale tisheti yake yatsopano, anaika dzanja pamphumi n'kuwerenga mokweza kuti "Yosathira". Anayang'ana chimanga chobiriwira chimene chinali kumbuyo kwa mawuwo, anayang'ana bambo, anayang'ananso chikwangwani. Wina anayamba kuseka, n'kusiya panjira poona kuti akuseka yekha.

Mayi anafika akuthamanga pang'ono, chovala chimodzi chosapinda chikadali paphewa. Anaima m'mbali mwa chingwe akupuma mofulumira. Anafunsa mwana wawo, motsitsa mawu kuti a pamtengo asamve, chimene akuganiza kuti adzanena mawa pamaso pa anthu onse aja.

Nagauni anamenya chikwangwani kamodzinso, anachigwedeza kuti aone ngati chalimba, n'kuponya mwala mu udzu.

"Mawa alendo sayambira m'tenti. A Dokotala ndidzawatsitsira pano, pandime iyi," anatero. "Bambo, jekete lanu lija lisitidwe lero. Mudzaima pambali panga."